Mipingo Yogula Ngongole za Odwala ku America

Ku United States, munthu akagonekedwa m'chipatala alibe inshuwalansi yokwanira, bilu imamutsatira kunyumba. Akalephera kulipira, chipatala chimatha kugulitsa ngongoleyo kwa makampani otolera ngongole. Poti eni ake atayapo kale mtima, mtengo umakhala wotsika zedi, mwakuti ngongole ya $100 imatha kugulidwa ndi dola imodzi. Wogulayo ndiye amayamba kumusowetsa mtendere wodwala uja ndi mafoni ndi makalata, kufuna $100 yonseyo.

Craig Antico ndi Jerry Ashton ankadyera ntchito yomweyi. Zinthu zinasintha Ashton atakumana ndi gulu la Occupy Wall Street ku New York, lomwe mu 2012 linayambitsa thumba la Rolling Jubilee logula ngongole za anthu n'kuzifafaniza. Mu 2014 awiriwa anakhazikitsa bungwe la RIP Medical Debt kuti lizichita zomwezo. Linatchuka mu 2016, pomwe John Oliver, pa pulogalamu yake ya pa TV, anagula ngongole za anthu pafupifupi 9,000, zokwana pafupifupi $15 miliyoni, ndi ndalama zosafika $60,000, n'kuzipereka kubungweli kuti lizifafanize.

Mipingo inatchera khutu. Thumba lothandizira ovutika linalipo kuyambira kale, koma madikoni ankangokwanitsa kupeputsa banja limodzi kapena awiri, bilu yotsala n'kukhalabe phiri. Tsopano, kudzera m'bungweli, chopereka cha Lamulungu limodzi chinkatha kumasula mazanamazana a mabanja. Pa Pasaka wa 2019, Pathway Church ya ku Wichita, m'boma la Kansas, inalengeza kuti yafafaniza $2.2 miliyoni ya mabanja pafupifupi 1,600. Chaka chomwecho ku Chicago, Trinity United Church of Christ ya Mbusa Otis Moss III ndi mipingo inzake anasonkha $38,000, n'kuthetsa ngongole za $5.3 miliyoni.

Nkhani yondikhudza kwambiri ndi ya Trinity Moravian Church ku Winston-Salem, North Carolina, mpingo waung'ono wopanda chuma chodziwika. Mu 2023 unasonkha pafupifupi $15,000 n'kugula ngongole zoposa $3 miliyoni. Pamapemphero, akhristu anatentha mapepala oimira ngongolezo anthu akuona. Ntchitoyi anaitcha dzina lochokera ku chaka cha Yubile cha pa Levitiko 25.

Komabe tisabise zofooka zake. Wodwala sangalembe kalata yopempha thandizoli, ndipo mbusa sangasankhe nkhosa yake yomwe akuidziwa kuti ikulira. Ngongole zimagulidwa mulu wonse pamodzi, ndipo bungwe logula ngongole lija limayang'ana amene amapeza zochepa, kapena amene ngongole yawo yafika magawo 5 pa 100 a ndalama zomwe amapeza pachaka. Munthuyo amangolandira kalata yomuuza kuti ngongole yake yatha, popanda chomwe akufunsidwa kuchita. Kumeneko n'kupatsa kosafuna kuthokozedwa, ndipo ndimakulemekeza. Koma thandizo lotere limafika mochedwa, mwina banja litavutika kale zaka zingapo, ndipo siliguliranso mankhwala mayi amene akudwala lero.

Mayi wina wachuma, MacKenzie Scott, anapatsa bungweli $50 miliyoni mu 2020, ndipo mu 2024 linasintha dzina kukhala Undue Medical Debt. Mipingo ikusonkhabe, nazo zipatala zikulembabe mabilu atsopano tsiku ndi tsiku.