Amene Analemba za Misika ya Lusaka

Ngakhale kuti City Market ndi msika wa dzulodzuloli, pakuti unatsegulidwa mu 1997 m'mbali mwa msewu wa Lumumba, mwambo wolemba za ogulitsa a m'misika ya Lusaka m'magazini a anthu ophunzira ngwakale kuposa makoma ake, ndipo gwero lake lili ku Livingstone, kumene Rhodes-Livingstone Institute inakhazikitsidwa mu 1937, mtsogoleri wake woyamba ali Godfrey Wilson, nalowedwa m'malo ndi Max Gluckman. Mu 1944 bungwelo linayamba kusindikiza magazini yakeyake, ndipo wolemba anayenera kulongosola amene anawafunsa, kuchuluka kwao ndi njira imene anatsata, kuti anzake ayese mau ake asanawakhulupirire.

Akuluakulu amati mlendo adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo alendo aja, Wilson ndi Gluckman, anadzadi nako; koma amene anayenda m'makomboni ndi kope m'manja, nakhala pansi pambali pa mayi wa kapenta ndi tomato kufikira atamasuka kunena mtengo umene anaodera katundu wake, ndi phindu limene linatsala dzuwa litalowa, anali ana a dziko lino, othandiza pa kafukufuku, amene maina ao kawirikawiri anathera m'mau othokoza pamene ulemu wa nkhaniyo unatsata mzungu. Nchifukwa chake ndimalemekeza kwambiri A. A. Nyirenda, amene mu 1957, bungwelo litasamukira kale ku Lusaka, anasindikiza m'dzina lake nkhani ya ogulitsa a m'misika ya mzindawu, pamodzi ndi za kunyanyala kugula kumene kunali kutangochitika. Lyn Schumaker anafotokoza bwino ntchito ya othandizawo m'buku lake la mu 2001.

Ufulu utadza, bungwelo linalowa m'manja mwa University of Zambia, magazini ija nisanduka African Social Research mu 1966.

Lero miyezo yakwera, ndipo nkoyenera kutero: nkhani imatumizidwa kwa akatswiri awiri kapena atatu osadziwika kwa wolembayo, nabweza ndi mafunso, ndipo miyezi imatha isanavomerezedwe, ofunsidwa ayenera kuvomera okha, maina ao nabisidwa. Chimene chimandiwawa nchakuti magazini ambiri amafuna madola, ena kwa wolemba, ena kwa wowerenga, ndipo ambiri amafuna Chingerezi. Karen Tranberg Hansen analemba buku lonse la malonda a salaula, nalisindikiza ku Chicago mu 2000, koma mnyamata amene amadula mawaya a belo m'mawa uliwonse, nayala malaya pa thebulo, sangathe kuligula. Pamene moto unapsereza City Market pa 4 July 2017, makope a ngongole ndi a chilimba, m'mene ogulitsa analembamo mbiri yao ndi manja ao, anapsera limodzi ndi katundu.