Kasisi ndi chimanga chomwe tinakana

Tikamamva za Kasisi, ambiri timakumbukira nyumba ya ana amasiye kuseri kwa bwalo la ndege. Koma mishoniyi, yomwe Bambo Jules Torrend wa chipani cha Ajezuiti anaiyambitsa mu 1905, ili ndi mbiri inanso ya khasu.

Mu 1974 Ajezuiti anatsegula sukulu ya ulimi, Kasisi Agricultural Training Centre. Brother Paul Desmarais wa ku Canada anayamba ndi zomwe anaphunzira kwawo: feteleza ndi mankhwala. Alimi ang'onoang'ono anamira m'ngongole, nthaka n'kumaguga. Cha m'ma 1990 sukuluyo inatembenukira ku manyowa, kasinthasintha wa mbewu ndi mitengo yobwezera chonde.

Mayeso anadza ndi chilala cha 2002. Dziko la America linapereka chimanga cha GMO, Pulezidenti Levy Mwanawasa n'kuchikana. A ku Kasisi anagwirizana naye, poopa kuti mlimi adzasanduka kapolo wa makampani a mbewu. Ena anawadzudzula kuti akusewera ndi miyoyo ya anjala, ndipo mawuwo sitingawapeputse, pakuti njala inaluma ndithu. Komabe funso la Kasisi, lakuti mwini mbewu ndani, timakumana nalo chaka chilichonse makolo athu akamadikira feteleza wa FISP mvula itagwa kale.