Nkhanza za M'maganizo ndi Malowolo pa Milandu Yothetsa Ukwati ku Rufunsa

Ku Rufunsa, boma la m'chigawo cha Lusaka lomwe linapatulidwa ku Chongwe pa ulamuliro wa Michael Sata, maukwati ambiri amamangidwa mwamwambo: ankhoswe amakambirana, mwamuna n'kupereka malowolo. Ukwati wotere umathera ku Local Court, kumene maloya saloledwa kuimira munthu ndipo oweruza amatsata mwambo wa eni ukwatiwo, monga wa Asoli a kwa Mpanshya ndi kwa Bunda Bunda. Wolembetsedwa kuboma umathetsedwa ndi High Court, potsata Matrimonial Causes Act ya 2007.

Lamulo la 2007 limavomereza chifukwa chimodzi chokha, chakuti ukwati wasweka kotheratu. Njira imodzi yotsimikizira zimenezi ndiyo kusonyeza kuti mnzakeyo wakhala ndi khalidwe loti wodandaula sangayembekezeredwe kukhala naye nyumba imodzi. Nkhanza za m'maganizo zimalowera pamenepa, ndipo Anti-Gender-Based Violence Act ya 2011 imazitchula poyera: kutukwana, kunyoza, kuopseza, komanso nsanje yopitirira muyeso; kumana mnzako ndalama zofunika pakhomo imakutchula padera ngati nkhanza za pachuma.

Chovuta ndi umboni. Womenyedwa amatenga fomu ya kupolisi, dokotala wa pachipatala ngati cha St Luke's ku Mpanshya n'kulemba za mabala. Wonyozedwa alibe bala loonetsa. Mawu amodzi olankhulidwa mu mkwiyo sathetsa banja. Bwalo limafuna kuona kuti khalidweli lakhala likubwerezedwa ndiponso mmene lamupwetekera wodandaulayo. N'chifukwa chake mboni yofunika kwambiri imakhala nkhoswe amene anakhalirapo nkhaniyo kangapo pansi, kapena anyakwawa amene anailandira isanafike kukhoti. Madandaulo olembedwa ku Victim Support Unit ya apolisi amathandiza chifukwa amakhala ndi tsiku lake. Masiku ano mauthenga a pafoni ndi a pa WhatsApp nawo amaperekedwa. Komabe mwambo uli ndi msampha wake: mkazi amene anamvera alangizi kuti za m'nyumba saulula amafika pabwalo alibe womuikira kumbuyo, ndipo kupirira kwake kumaoneka ngati umboni woti panalibe vuto.

Nkhani ya chuma cha ukwati imasiyana ndi ya ku India, kumene abale a mkazi ndiwo amapereka, ndipo mkazi amazunzidwa kuti akatenge zina kwawo. Dzikolo linaletsa mchitidwewu mu 1961, ndipo mu 1983 linakhazikitsa chilango cha nkhanza za mwamuna ndi abale ake. Ku Zambia wopereka ndi mwamuna, choncho nkhanza imabwera m'mawu akuti "ndinakulowola", ngati kuti mkazi ndi katundu wogula. Makolo ena amabweza mwana wawo kubanja lozunza poopa kuti auzidwa kubweza ndalama kapena ziweto zimene anadya kale. Pa mlandu, bwalo limafunsa ankhoswe zimene zinaperekedwa ndi zimene zinatsala, poti malowolo ndiwo amasonyezanso kuti ukwatiwo unalipodi. Kubweza kapena kusabweza kumadalira mwambo wa anthuwo, amene walakwa, ndiponso ngati pali ana.

Wosakhutira ndi chigamulo cha Local Court amachita apilo kwa majisitireti. Pa kagawidwe ka katundu, mlandu wa Chibwe ndi Chibwe, womwe Supreme Court inagamula mu 2000, unatsimikiza kuti mkazi wa ukwati wamwambo nayenso ayenera kulandira gawo loyenera la chuma chimene banjalo linapeza.