Mwana Akamadzimenyetsa Mutu ku Khoma: Mbiri ya Njira Zomuthandizira

Pali ana ena amene amafika zaka zitatu osalankhula, akaitanidwa satembenuka, ndipo kanthu kochepa kakasintha m'nyumba amalira kosatonthozeka. Ena mwa iwo amafika podzimenyetsa mutu ku khoma, kudziluma manja kapena kudzikanda kumaso mpaka kutuluka magazi. Madokotala amatcha chikhalidwe cha ana otereŵa autism. Si ana onse a autism amene amadzivulaza ai, koma kwa makolo a mwana wodzivulaza palibe funso lina loposa ili: atani kuti mwana wawo aleke? Nkhani ya lero ikulondola mayankho amene akatswiri a ku Amereka adapereka pa funsoli kuyambira m'zaka za m'ma 1960.

Mmodzi mwa oyamba kulongosola bwino za anaŵa adali Dokotala Leo Kanner wa pa chipatala cha Johns Hopkins mu mzinda wa Baltimore, amene m'chaka cha 1943 adalemba za ana 11. Koma zaka 20 zotsatira zidali zoŵaŵa kwa amayi, pakuti madokotala ambiri adakhulupirira kuti mwana amatere chifukwa mayi wake ndi wouma mtima. Amene adafalitsa kwambiri maganizoŵa ndi Bruno Bettelheim wa ku Chicago. Mankhwala ake adali kumuchotsa mwana m'manja mwa makolo. M'chaka cha 1964 Bernard Rimland, katswiri wa maganizo amenenso adali bambo wa mwana wa autism, adalemba buku losonyeza kuti gwero la vutoli lili m'kapangidwe ka ubongo, osati m'kaleredwe. Lero nkhaniyi idatha: mayi alibe mlandu.

Nthaŵi yomweyo kudali gulu lina la akatswiri limene silidafune kutaya nthaŵi ndi kufunsa za gwero. Aŵa adali otsatira a B. F. Skinner wa ku Harvard, amene pophunzira makoswe ndi nkhunda adaona kuti mchitidwe umene wabweretsa phindu umabwerezedwa, ndipo umene sukubweretsa kanthu umazirala. Tsono iwo adati: kaya mwana adabadwa bwanji, zimene akuchita lero zingasinthike ngati anthu omuzungulira asintha zimene amachita iyeyo akangotero.

Umboni woyamba umene udamveka kutali udatuluka m'chaka cha 1964, kuchokera kwa Montrose Wolf, Todd Risley ndi Hayden Mees a ku yunivesite ya Washington. Adalemba za mnyamata wa zaka zitatu ndi theka amene m'lipoti lawo adamutcha Dicky. Mwanayu adachitidwa opaleshoni yochotsa ng'ala m'maso, ndipo madokotala adachenjeza kuti akapanda kuvala magalasi adzaleka kuona. Iye magalasiwo sankafuna ngakhale kuwakhudza. Akakwiya ankadziwomba kumaso, kudzizula tsitsi ndi kumenyetsa mutu, ndipo usiku sankagona pokhapokha kholo litakhala pambali pake. Wolf ndi anzake adalangiza anamwino kuti akayamba kuvuta azimuika m'chipinda chake kwa mphindi zoŵerengeka mpaka ataleka, popanda kumukalipira kapena kumunyengerera. Za magalasi adazitenga pang'onopang'ono. Adayamba ndi mafelemu opanda galasi, namupatsa kachakudya akawanyamula, kenaka akawayandikiza kumaso, kenaka akawakoloŵeka m'makutu. Ntchito idachedwa, pakuti maswiti ndi zipatso sizidamukope, mpaka pamene adayamba kuphunzitsa pa nthaŵi ya chakudya iye ali ndi njala. Potuluka m'chipatala, Dicky ankavala magalasi ake pafupifupi maola 12 pa tsiku, ndipo makolo ake adali ataphunzitsidwa kupitiriza zomwezo kunyumba.

Dzina limene lidatchuka koposa pa ntchitoyi ndi la Ivar Lovaas, mbadwa ya ku Norway amene ankaphunzitsa pa yunivesite ya California ku Los Angeles. Iyeyu adatulukira chinthu chimene chidadabwitsa anamwino ambiri: mwana wina wodzimenya akamauzidwa mawu achisoni nthaŵi iliyonse imene wadzimenya, kudzimenyako kunkachuluka. Chifundo chimene, choperekedwa pa nthaŵi yolakwika, chinkakhala ngati malipiro. Koma kungomuleka mwana kuti adzimenye mpaka atatopa kudali koopsa. M'lipoti la 1969, Lovaas ndi James Simmons adaŵerenga kuti mnyamata wina adadzimenya pafupifupi ka 9,000 asanaleke. Mwana womenyetsa mutu pa ngodya ya tebulo sangadikire choncho. Apa mpamene Lovaas adatembenukira ku chilango: kukalipira, kumenya khofi, ndiponso kumugwiritsa mwana magetsi. M'chaka cha 1965 magazini ya Life idasindikiza zithunzi za zimenezi, ndipo aŵerengi ambiri a nthaŵiyo adaziona ngati chipulumutso. Zithunzi zomwezo lero nzovuta kuzipenya.

Chilango chinkaletsadi kudzivulaza msanga, koma chidali ndi chilema chachikulu. Ana adaphunzira kuleka pamaso pa munthu wolangayo ndi m'chipinda cholangiramo, napitiriza kwina. Ndipo mu 1973, Lovaas atawalondola ana amene adawaphunzitsa, adapeza kuti amene adabwezedwa ku zipatala zosungirako anthu adabwerera m'mbuyo, pamene amene adapita kwa makolo ophunzitsidwa adasunga zimene adaphunzira. Kuyambira pamenepo mayi uja amene Bettelheim adamuimba mlandu adasanduka mphunzitsi wamkulu wa mwana wake.

Kusintha kwenikweni kudadza pamene akatswiri adayamba kufunsa funso limene likadayenera kukhala loyamba: kodi mwanayu amapindulanji ndi kudzimenyaku? Edward Carr adalemba mu 1977 kuti mchitidwe umodzimodzi ungakhale ndi zifukwa zosiyana kwa ana osiyana. Mu 1982 Brian Iwata ndi anzake ku Baltimore adapeza njira yoyesera zimenezi pa ana ndi achinyamata 9 odzivulaza. Aliyense ankamuika m'mikhalidwe inayi mosinthanasinthana, mphindi 15 ulendo uliwonse. Pena wamkulu ankakhala chete akuŵerenga, nkumamulankhula mwanayo pokhapokha akadzimenya. Pena ankamupatsa ntchito yovuta, nkuichotsa akangodzimenya. Pena ankamusiya yekha m'chipinda chopanda zidole, ndipo pena ankangoseŵera naye. Mwa 6 a iwo yankho lidaoneka poyera, koma silidali limodzi. Wina ankadzimenya kuti anthu amulabadire, wina kuti athaŵe ntchito yomukanika, wina chifukwa cha mmene thupi limamvera akatero.

Phindu la kudziŵa izi nlosavuta kuliona. Mwana amene amadziluma kuti athaŵe phunziro, mphunzitsi akamutulutsa m'kalasi ngati chilango, ndiye kuti wamupatsa chimene ankachifunacho, ndipo maŵa adzadzilumanso. Njira ija idamuthandiza Dicky ingathe kumuonongeratu mwana wina. Ndiponso dokotala wanzeru amayamba wafufuza dzino, khutu ndi m'mimba, pakuti mwana wosalankhula amene akumva kupweteka alibe njira ina yonenera.

Mu 1985 Carr ndi Mark Durand adapita patsogolo. Adati ngati kuvutako kuli ngati chilankhulo, mwanayo apatsidwe chilankhulo china chofulumira kumveka. Ana 4 amene ankamenya anzawo ndi kudzivulaza m'kalasi adawaphunzitsa mawu ochepa: ofuna thandizo adaphunzira kunena kuti sakumvetsa, ofuna kulabadiridwa adaphunzira kufunsa ngati akuchita bwino. Kuvuta kudatsika kwambiri, koma pokhapokha mawuwo atagwirizana ndi chosoŵa cha mwanayo. Amene adaphunzitsidwa mawu osagwirizana ndi vuto lake sadasinthe. Kwa ana osatha kulankhula konse, ntchito yomweyi idagwiridwa pambuyo pake ndi zizindikiro za manja ndi makadi a zithunzi, ndipo njirayi ndi imodzi mwa zimene akatswiri amazidalira kwambiri mpaka lero.

Lovaas adamvekanso mu 1987, pamene adalengeza kuti mwa ana 19 amene adaphunzitsidwa maola 40 pa mlungu kwa zaka ziŵiri kapena kuposerapo, 9 adakhoza kalasi yoyamba m'sukulu wamba. Makolo ambiri adathamangira njira yake, ena mpaka kuloŵa m'ngongole. Akatswiri anzake adadandaula kuti anawo sadagaŵidwe m'magulu mwa maere monga kafukufuku wabwino amafunira, ndipo kafukufuku wa m'chaka cha 2000 amene adatero adapeza phindu, koma locheperapo.

Otsutsa amphamvu koposa adatulukira kumene akatswiri sadayembekezere, ndiko kwa anthu a autism eniakewo atakula. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, anthu monga Jim Sinclair ku Amereka ndi Michelle Dawson ku Canada adayamba kulankhula poyera. Ambiri a iwo adati kuletsa mwana kudziboola diso nkoyenera, koma kumukakamiza kupenya munthu m'maso, kapena kumuletsa kukupiza manja pamene sakupweteka aliyense, nkumuphunzitsa kubisa chimene ali pofuna kusangalatsa anthu ena. Dandauloli lili ndi maziko, pakuti mapulogalamu oyamba aja sankasiyanitsa bwino mchitidwe woopsa ndi mchitidwe wongodabwitsa alendo.

Ngakhale Lovaas mwiniwake adasiya zilango m'zaka zake zomaliza, nkhani ya magetsi sidathere pomwepo. Sukulu ya Judge Rotenberg Center ku Canton, m'chigawo cha Massachusetts, idapitiriza kugwiritsa ntchito makina amagetsi omangirira pa thupi la ophunzira ena, ndipo ena mwa makolo adaiikira kumbuyo ponena kuti njira zina zonse zidalephera pa ana awo. Bungwe la boma la Amereka loyang'anira zakudya ndi mankhwala, la FDA, lidaletsa makinaŵa mu Malichi 2020. Khoti la apilo lidafafaniza chiletsocho mu Julayi 2021 ponena kuti bungweli lidapyola mphamvu zake. Aphungu a nyumba ya malamulo adakonza lamulolo kumapeto kwa 2022, ndipo mu Malichi 2024 FDA idalengezanso cholinga chake choletsa makinawo.