ZISUDZO ZA PA BWALO: ZIMENE ZIDACHITIKA KU MWIMA NDI KU MBELA

M'pologalamu yathu ya mbiri yakale lero tikambirana za zisudzo, makamaka za ntchito imene zidagwira m'midzi ya ku Machinga ndi ku Balaka.

Mzinda wa Blantyre udapalana ubale ndi mzinda wa Hannover, m'dziko la Germany, m'chaka cha 1968. Ku Hannover zisudzo zili ndi nyumba zake zikuluzikulu, m'mene munthu amagula tikiti, nakhala pampando, naonerera ali chete. Zithunzi zojambula pamanja ndi ziboliboli nazonso zili ndi kwawo, monga ku Sprengel Museum, imene idatsegulidwa mu 1979. Kuno kwathu nyumba zotere n'zoŵerengeka. Tingatchule nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Chichiri, yotsegulidwa mu 1966, ndiponso Kungoni wa ku Mua, amene Bambo Claude Boucher adamuyambitsa mu 1976. Koma kuyambira kale, malo enieni a zisudzo zathu ndi bwalo la m'mudzi, pamene pamavinidwa manganje kapena gule wamkulu, ndiponso pamene mafumu amaweruzira milandu.

Mu 1970 aphunzitsi ndi ophunzira a pa Chancellor College adayambitsa gulu lotchedwa Travelling Theatre, loyendayenda ndi zisudzo. Poyamba maseŵero awo ambiri adali a m'Chingerezi, ndipo owaonera adali ana asukulu za sekondale. Zinthu zidasintha mu 1981, pamene gululi lidapita ku Mbalachanda, m'boma la Mzimba, nkukayamba kupeka maseŵero kuchokera pa mavuto a anthu a kumaloko, m'chiyankhulo chimene iwo amamva. Mwa atsogoleri a ntchitoyi mudali a Chris Kamlongera ndi a David Kerr.

Panthaŵi yomweyo maiko adali atagwirizana, pa msonkhano wa ku Alma-Ata mu 1978, kuti umoyo wabwino uyenera kuyambira m'mudzi, osati kudikira chipatala. Ku Liwonde kudakhazikitsidwa nthambi yoona za umoyo wa m'midzi, mothandizidwa ndi bungwe la GTZ la ku Germany. Azaumoyo adaona kuti kungouza anthu kuti akumbe zimbudzi ndi kusamala zitsime sikudali kuphula kanthu. Nchifukwa chake mu 1985 adapempha a zisudzo a ku Zomba kuti adzawathandize m'madera a Mwima ndi Mbela. Tikumbukire kuti masiku amenewo Balaka adali mbali ya boma la Machinga, popeza adakhala boma pa yekha mu 1998.

Kachitidwe kake kadali kotere. Oseŵera ankayamba acheza ndi anthu, kufunsa za madzi, za matenda otsegula m'mimba, ndi za kutalika kwa chipatala. Pambuyo pake ankapeka seŵero lalifupi, losalembedwa papepala, lokhala ndi nyimbo ndi magule odziŵika m'deralo. Seŵero likafika pa mkangano, mwachitsanzo wa chitsime chodetsedwa, woseŵera ankatembenukira kwa anthu nkuwafunsa maganizo awo. Apo nkhani inkachoka m'manja mwa alendo. Amayi, amene pa misonkhano ina ankakhala chete kumbuyo, ankayankha, chifukwa otunga madziwo adali iwo. Pakutha pa seŵero anthu ankagwirizana zochita, ndipo m'midzi mudasankhidwa makomiti a zaumoyo. Patapita nthaŵi, eni mudzi adayamba kupeka maseŵero awoawo. Adanena akuluakulu kuti mutu umodzi susenza denga, ndipo apa zidapherezeka.

Tisaiŵale kuti izi zinkachitika m'nthaŵi ya chipani chimodzi. Lamulo la mu 1968 linkafuna kuti seŵero liyambe launikidwa ndi bungwe la boma lisanaonetsedwe, ndipo mu 1987 a Jack Mapanje, mphunzitsi wa pa koleji yomweyo, adatsekeredwa m'ndende popanda kuzengedwa mlandu. M'masiku otero, kufunsa munthu wamba poyera kuti anene chimene chalakwika m'mudzi mwake kudali chinthu chachilendo. Komabe malire adalipo. Za chitsime ndi chimbudzi zinkakambika, koma za ulamuliro wa dziko palibe akadayerekeza kuzitchula pabwalo.

Nanga zonsezi zasungidwa kuti? Chigoba cha gule chikhoza kukhala m'galasi zaka zambirimbiri, koma seŵero losalembedwa limatha pamene anthu abalalika. Zimene tili nazo ndi zolemba za akatswiri, monga za a Kerr, ndiponso za a Ezekiel Kalipeni ndi a Kamlongera za mu 1996. Zolembazi zili m'Chingerezi, ndipo zili kutali ndi midzi imene zimakamba. Amene adaimba ndi kuseŵera ku Mwima ndi ku Mbela tsopano ndi agogo.

Choncho inu aphunzitsi, inu mafumu, ndi inu achinyamata a magulu a zisudzo ku Liwonde, ku Ulongwe, ku Ntaja ndi pa Balaka, pitani mukakhale pansi ndi agogo ameneŵa. Afunseni nyimbo zimene ankaimba ndi mikangano imene ankaseŵera, ndipo muzilembe m'Chichewa ndi m'Chiyao akadali ndi moyo.