Ukonde Wachiwiri

Agogo anga aamuna anali msodzi ku Nkhotakota, ndipo anali ndi lamulo limodzi lomwe mwana aliyense pakhomo ankalidziwa: maukonde onse asakwere bwato limodzi. M'nyengo ya mwera, makamaka June mpaka August, nyanja imakalipa munthu uli pakati. Bwato likagubuduzika anthu amatha kusambira n'kupulumuka, koma ukonde umapita. Amene anasiya wina pakhonde amabwerera panyanja sabata yomweyo. Amene anatenga onse amasanduka waganyu wa anzake. Ndili mwana ndinkati zimenezi ndi za asodzi okha. Ndinadzazimvetsa ndili kutali ndi nyanja, ku Ekurhuleni, kum'mawa kwa Johannesburg, komwe ndine telala.

Dera limeneli, lomwe kale linkatchedwa East Rand, si lachilendo kwa Amalawi. Linakula ndi golide. Mgodi wa ERPM ku Boksburg unayamba mu 1893, ndipo matauni a Germiston, Benoni, Brakpan ndi Springs anamera m'mbali mwa migodi. Bungwe la Wenela linkatenga anyamata kwathu kupita nawo ku Joni, ndipo agogo anapitako kawiri. Gawo lina la malipiro silinkaperekedwa kumgodi. Munthu ankakalandirira kwawo kontrakiti itatha. Sikuti eni migodi ankatimvera chisoni ayi. Iwo ankafuna kuti anthu azibwerera kwawo, ndipo boma la kwathu linkafuna kuti ndalama zizilowa m'dziko. Komabe ndalama yosungidwa mokakamiza ija ndi imene inagulira agogo bwato ndi maukonde awiri.

Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kumudzi. Dr. Kamuzu Banda analetsa zolemba anthu ntchito yakumigodi, ndipo m'zaka ziwiri anthu oposa 100,000 anabwerera kwawo. Mu 1977 khomo linatsegukanso pang'ono, koma mu 1988 mkangano wa kuyeza magazi ngati muli HIV unalitseka kotheratu. Ife a m'badwo wotsatira tinabwera pambuyo pa 1994, pabasi, popanda kontrakiti. Tinakhala atelala, ometa, okonza minda ndi ogulitsa m'timashopu ta spaza. Panalibenso wotisungira kanthu kumudzi. Mpamba wonse unkagona m'chipinda chomwe mwini wake ankagonamo.

Ndinafika mu 2005 kudzathandiza amalume anga, omwe ankasokera m'kanyumba kamalata ku Ramaphosa, pafupi ndi Reiger Park. Pa 11 May 2008 ziwawa zothamangitsa obwera zinayamba ku Alexandra, ndipo sabata isanathe zinali zitafika kwathu. Pa 18 May, ku Ramaphosa komweko, Ernesto Nhamuave wa ku Mozambique anatenthedwa wamoyo, ndipo chithunzi chake chinazungulira dziko lonse lapansi. M'dziko lonse la South Africa munafa anthu 62. Ife tinathawa ndi zovala zam'thupi basi. Makina awiri osokera, nsalu za makasitomala, chitini cha ndalama ndi mapasipoti athu, zonse zinali m'kanyumba kamodzi kaja, ndipo zonse zinapsa.

Tinayamba tagona kupolisi, kenako m'matenti pafupi ndi Rand Airport ku Germiston. Boma la Malawi litatumiza mabasi, amalume anasankha kubwerera. Potsanzikana anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Mphwanga, bambo anga ankanena, ine sindinamve. Maukonde onse tinakweza bwato limodzi." Anali atagwira ntchito zaka khumi ndi chimodzi, koma anakwera basi atanyamula jumbo imodzi.

M'matentimo ndinayamba kuona kuti amene ankadzuka msanga sanali olemera kuposa ife. Anali amene chuma chawo sichinkagona pamodzi. Mayi wina wa ku Tete anali atasungitsa makina ake achiwiri kutchalitchi. Mnyamata wina wa ku Mangochi ankatumiza ndalama kwa mlongo wake mwezi uliwonse, ndipo ndalamazo ndi zimene zinabwerera kudzamugulira katundu. Ena anali m'chipereganyu, chomwe eni dziko kuno amati stokvel.

Mu 2009 tinasonkhana anthu khumi ndi awiri n'kuyambitsa chathu. Kuwonjezera pa zopereka za mwezi ndi mwezi, tinaika thumba la ngozi lomwe silikhudzidwa pa ukwati kapena pa Khirisimasi. Tinagwirizananso kuti ndalama zisamagone m'shopu, chipangizo chimodzi cha ntchito chizikhala kwa mnzako wa dera lina, ndipo pasipoti, pemiti ndi buku la angongole zikhale ndi makope kwina. Masiku ano timangozijambula pafoni n'kutumiza kumudzi pa WhatsApp. Akuluakulu anati papsa tonola, sudziwa mtima wa moto.

Mayeso anabwera mu July 2021, Jacob Zuma atalowa m'ndende. Ulendo uno chipolowe sichinasankhe mtundu. Mashopu akuluakulu a ku Vosloorus, Katlehong ndi Daveyton anathyoledwa, ndipo ku Gauteng ndi KwaZulu-Natal kunafa anthu oposa 350. Makampani aakulu anali ndi pogwira. Sasria, inshuwalansi ya boma yolipira zoonongeka pa zipolowe, inakhazikitsidwa mu 1979 pambuyo pa zipolowe za ku Soweto za mu 1976, ndipo mu 2021 inalandira madandaulo a ndalama zoposa R30 biliyoni. Koma Sasria imagulidwa poiphatikiza ku inshuwalansi ina ya katundu, yomwe telala wa m'kontena ngati ine alibe.

Kontena yanga ya ku Katlehong inathyoledwa usiku, ndipo anatenga makina ndi nsalu zonse. Ndinalira, koma osati kulira kwa 2008. Makina achiwiri anali ku Benoni kwa mnzanga, mayina a makasitomala anali m'foni, ndipo thumba la ngozi linabwezera eni nsalu. Patatha masiku asanu ndi anayi ndinali nditayambanso kusoka mayunifomu a sukulu.

Dzina loti Ekurhuleni, lomwe deralo linapatsidwa mu 2000, m'Chitsonga limatanthauza malo a mtendere. Ndimalikonda, ngakhale ndaona mtenderewo ukusweka kawiri. Ndaphunziranso kuti ngozi sidziwa malire. Namondwe wa Freddy atakokolola nyumba ku Chilobwe mu March 2023, okala ya mchemwali wa mmodzi wa ife inapita ndi matope. Thumba lathu linamutumizira mpamba. Kale ukonde wachiwiri unkasiyidwa kumudzi kuti upulumutse wa ku Joni, koma chaka chimenecho unachokera ku Joni kupita kumudzi.

Amalume anamwalira ku Nkhotakota osabwereranso kuno. Makina anga achiwiri akadali ku Benoni. Loweruka loyamba la mwezi uliwonse ndimapita kukawathira mafuta.