Chikondi cha Achinyamata pa Kanema wa ku South Africa: Mbiri Yake Poionera ku Philippi

Chiyambi

Masewero a pakanema onena za ana a kusekondale ali ndi maonekedwe odziwika kulikonse. Mumakhala kagulu ka mabwenzi, mtsikana kapena mnyamata amene sukulu yonse imamusirira, wina amene anzake amamuseka, chibwenzi chobisa, ndiponso mafunso okhudza thupi ndi kugonana amene mwana sangayerekeze kufunsa makolo ake. Ku America ndi ku Ulaya nkhani zotere kawirikawiri zimakambidwa mwanthabwala, monga zidalili m'sewero la Sex Education limene Netflix idaonetsa kuyambira 2019 mpaka 2023. Ku South Africa mbiri ya masewerowa idatsata njira ina. Nkhani ino ikulondola njirayo kuchokera m'chaka cha 1976, ndipo ikuionera ku Philippi, dera la anthu osauka mumzinda wa Cape Town. Mfundo yake ndi yakuti kwa zaka zambiri kanema wakhala akuyankhula kwa wachinyamata wa m'dera lotere m'chiyankhulo chake pofuna kumuchenjeza, koma pofuna kuonetsa unyamata wosangalatsa wakhala akusamukira kusukulu za olemera ndi ku Chingerezi.

Philippi ndi anthu ake

Philippi ali m'chigwa chamchenga chotchedwa Cape Flats. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 kudafika alimi ochokera ku Germany amene adasandutsa mchengawo kukhala madimba, ndipo mpaka lero mbali ina ya derali imalimidwa ndiwo zamasamba zodyetsa mzinda wa Cape Town. Mbali ya kumpoto ndi kummawa idadzaza anthu m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990. Ena adathawa ziwawa za ku Crossroads za m'chaka cha 1986, pamene ena adachokera kumidzi ya ku Eastern Cape boma litathetsa malamulo oletsa anthu akuda kukhala m'mizinda m'chaka chomwecho. Umu ndi mmene kudabadwira madera monga Brown's Farm, Samora Machel ndi Kosovo. Kalembera wa m'chaka cha 2011 adapeza anthu pafupifupi 200,000, ambiri mwa iwo oyankhula Chixhosa. Pakati pawo pakukhalanso alendo ochokera ku Zimbabwe, Somalia, Malawi ndi maiko ena, ndipo ana awo akukulira m'misewu ndi m'sukulu zomwezo.

Kanema ndi chaka cha 1976

Boma la tsankho lidakana kanema kwa nthawi yaitali poopa kuti adzabweretsa Chingerezi ndi maganizo akunja. Bungwe la SABC lidayamba kuonetsa kanema m'dziko lonse pa 5 January 1976, m'Chingerezi ndi m'Chiafrikaans basi. Patangopita miyezi isanu, pa 16 June, ana a sukulu a ku Soweto adaukira lamulo lowakakamiza kuphunzira m'Chiafrikaans, ndipo mu August anzawo a ku Langa, Nyanga ndi Gugulethu adachitanso chimodzimodzi. Motero kanema ndi mkangano wa chiyankhulo cha m'kalasi zidakumana m'chaka chimodzi. Wachinyamata wakuda adayamba kuonekera pa kanema monga woponya miyala pa nkhani za madzulo.

M'chaka cha 1982 SABC idatsegula TV2 ya Chizulu ndi Chixhosa ndi TV3 ya Chisotho, Chitswana ndi Chipedi. Dongosololi lidatsata ndale za nthawiyo: mtundu uliwonse pawokha, ndipo chiyankhulo chilichonse chiyankhulidwe chosasakaniza. Komatu achinyamata a m'makomboni sankayankhula motero. Iwo ankasakaniza ziyankhulo zingapo m'chiganizo chimodzi, ndipo kayankhulidwe kameneka kadayamba kupeza malo okwanira pa kanema ulamuliro wa tsankho utatha m'chaka cha 1994, makamaka SABC itakonzanso makanema ake mu 1996 ndi kupereka SABC1 kwa achinyamata.

Yizo Yizo: sukulu monga malo oopsa

Sewero limene lidasintha zinthu ndi Yizo Yizo, limene lidayamba pa SABC1 m'chaka cha 1999 ndipo lidabweranso mu 2001 ndi mu 2004. Adalikonza ndi Teboho Mahlatsi ndi Angus Gibson, mothandizidwa ndi nthambi ya zamaphunziro ya SABC pamodzi ndi unduna wa zamaphunziro. Dzina lake limatanthauza kuti umu ndi mmene zinthu zilili. Nkhani yake inkachitikira pasukulu yopeka ya Supatsela High, pamene panali zonse zimene sewero la achinyamata limafuna: ubwenzi wa anyamata monga Thiza ndi Javas, zibwenzi, nsanje, ndi mpikisano wofuna kutchuka. Koma pamwamba pa zonsezi panali mfuti, mankhwala ozunguza bongo, kugwiririra atsikana, ndi aphunzitsi ochita zibwenzi ndi ana a sukulu. Amene adatchuka kwambiri pakati pa oonera adali zigawenga ziwiri, Papa Action ndi Chester, zomwe zidadetsa nkhawa makolo ndi aphunzitsi amene ankaopa kuti ana ayamba kutengera.

Pankhani ya chiyankhulo, sewerolo lidali chinthu chatsopano. Ochita sewero ankayankhula Chizulu, Chisotho, Chingerezi ndi tsotsitaal monga zimamvekera pabwalo la sukulu, nyimbo za kwaito zikulira, ndipo mawu omasulira m'Chingerezi ankalembedwa m'munsi mwa chithunzi. Akatswiri a ziyankhulo a payunivesite ya Cape Town, Rajend Mesthrie ndi Ellen Hurst, adaonetsa kuti tsotsitaal imatsamira pa malamulo a chiyankhulo chimene chili chachikulu m'deralo, ndipo chimene imasintha kwenikweni ndi mawu. M'makomboni a ku Cape Town tsinde lake ndi Chixhosa. Hurst adaonetsanso kuti kayankhulidweka kamayendera limodzi ndi kavalidwe, kayendedwe ndi nyimbo. Apa mpamene pali phunziro kwa ife: kutchuka pasukulu ndi nkhani ya chiyankhulo. Amene amadziwa mawu atsopano ndi nthawi yowagwiritsa ntchito ndiye amatsogolera anzake.

Sewerolo litabweranso m'chaka cha 2001, gawo lina lidaonetsa Chester akugwiriridwa m'ndende, ndipo aphungu ena a Nyumba ya Malamulo adapempha kuti liletsedwe. Mu 2004 lidaonetsa chikondi cha anyamata awiri, zaka ziwiri dzikolo lisanavomereze maukwati a amuna kapena akazi okhaokha. Malamulo oyendetsera dziko a 1996 adali ataletsa kale kusala munthu pa chifukwa chimenechi, koma kuona nkhaniyi m'chipinda chochezera, agogo ali pomwepo, kudali chinthu china.

Edzi ndi mawu okambira za kugonana

Kulimba mtima kumeneku kudali ndi chifukwa chake. Zaka zimenezo ndi zimene Edzi inkapulula anthu. Bungwe la Treatment Action Campaign lidayamba ku Cape Town pa 10 December 1998, la Médecins Sans Frontières lidayamba kupereka mankhwala otalikitsa moyo ku Khayelitsha mu 2001, ndipo boma lidayamba kuwapereka m'zipatala zake mu 2004. Ndalama zambiri zokonzera masewero a achinyamata zinkachokera ku mabungwe a zaumoyo ndi zamaphunziro. Umu ndi mmene kudabwerera Soul City mu 1994, Soul Buddyz ya ana ocheperapo mu 2000, ndi Tsha Tsha mu 2003.

Kwa oonera a ku Philippi, Tsha Tsha idali pafupi kwambiri ndi kwawo. Idali ya m'Chixhosa, ndipo inkachitikira m'tauni yopeka ya Lubusi ku Eastern Cape, chigawo chimene mabanja ambiri a ku Philippi amapitako pa Khirisimasi ndi pa maliro. Inkakamba za achinyamata anayi, Andile, Boniswa, Viwe ndi DJ, amene adakumana chifukwa cha gule wovina awiriawiri. Munali kukoma mtima ndi kuseka, komabe chibwenzi chilichonse chinkathera pa funso la kachilombo.

Olemba masewerowa adakumana ndi vuto limene ife oyankhula Chichewa tikulidziwa bwino. M'Chixhosa, monganso m'Chichewa, za kugonana zili ndi malo ake, nthawi yake ndi anthu ake ozikamba. Kwathu kuno ndi ntchito ya anankungwi kuchinamwali, ndipo pagulu timazungulira ndi mawu monga "kukhala malo amodzi" kapena "kulowa m'nyumba". Kwa Axhosa kuli mwambo wa ulwaluko wa anyamata, umene zinsinsi zake sizikambidwa poyera, monga udaonetsera mkangano wa filimu ya Inxeba mu 2017 ndi 2018. Mawu enieni a ziwalo m'ziyankhulo zathuzi amamveka ngati kutukwana, pamene a Chingerezi amamveka ngati a kuchipatala. Nchifukwa chake mnyamata wa m'sewero amafunsira mbeta m'chiyankhulo cha makolo ake, koma ikafika nkhani ya kondomu kapena kuyezetsa magazi amalumphira ku Chingerezi. Kulumphaku kumachepetsa manyazi, koma kumaphunzitsanso oonera kuti chiyankhulo chawo sichingathe kunyamula nkhani za thupi mwaulemu.

Cape Town wa pa Netflix

Cape Town wakhala akuonekera m'masewero a achinyamata. Backstage, imene idayamba pa e.tv mu 2000, poyamba inkachitikira pakoleji ya zaluso mumzindawu isanasamukire ku Johannesburg. Koma sewero limene lidatchukitsa ana a sukulu a mzindawu padziko lonse ndi Blood & Water, lokonzedwa ndi Nosipho Dumisa, limene lidayamba pa Netflix mu May 2020. Puleng, amene amaseweredwa ndi Ama Qamata, amasamukira kusukulu yopeka ya Parkhurst College pofuna kudziwa ngati Fikile, katswiri wosambira wotchuka pasukulupo, ali mchemwali wake amene adabedwa ali khanda. Muli maphwando, zibwenzi za mitundu yonse, nyumba zoyang'ana kunyanja, ndi kutchuka koyezedwa ndi chiwerengero cha otsatira munthu pa Instagram. Ana ambiri a m'sewerolo ndi akuda, koma chiyankhulo chachikulu ndi Chingerezi cha sukulu zapamwamba.

Chingerezi chimenechi chili ndi mbiri yake. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 sukulu zimene zidali za azungu okha zidayamba kulandira ana akuda pansi pa dongosolo lotchedwa Model C. Dzinali lidakhalabe m'kamwa mwa anthu ngakhale dongosololo lidatha, ndipo limanenedwa kwa mwana wakuda woyankhula Chingerezi chachizungu. Buku la Kopano Matlwa lotchedwa Coconut la m'chaka cha 2007 lidafotokoza ululu wa ana otere. M'mawa uliwonse ana ena a ku Philippi amakwera basi kapena minibasi kupita kusukulu za m'madera a Wynberg ndi Claremont, ndipo madzulo amabwerera kwa anzawo amene amawayeza ndi lilime lawo. Otsala m'derali amaphunzira m'sukulu zosalipira, zina mwa izo zoperewera zipangizo: m'chaka cha 2015 ana a Philippi High adachita zionetsero chifukwa chophunzirira m'makontena. Kusiyanaku kumafika mpaka pa kaonedwe ka kanema. Yizo Yizo inkaonetsedwa mwaulere, banja lonse ndi anansi atasonkhana, ndipo mawa lake inkakambidwa m'kalasi. Netflix imafuna ndalama za mwezi ndi mwezi ndi intaneti yodalirika.

Chimene chikusowabe

Pamasewero onse tatchulawa palibe limene nkhani yake imachitikira ku Philippi, chonsecho malo aakulu ojambulira mafilimu a Cape Town Film Studios, amene adatsegulidwa mu 2010, ali m'mbali mwa msewu wa N2 womwewo umene umadutsa pafupi ndi derali. Dzina la Philippi limamveka kwambiri pa nkhani za umbanda, monga mu July 2019 pamene boma lidatumiza asilikali ku Cape Flats anthu angapo ataphedwa ku Philippi East m'masiku awiri okha. Zoopsazi ndi zoona ndithu, ndipo wolemba amene angazibise akhala akunama. Komabe ana a kumeneko amakondana, amatumizirana mauthenga usiku, amakangana pa za amene adzapite naye kuphwando lotsanzikana pomaliza sekondale, ndipo amasekana mwaluso lodabwitsa m'Chixhosa chosakaniza. Sewero lanthabwala limafuna kuti wolemba akhulupirire kuti cholakwa cha mwana wa zaka 16 chingathe kukhala choseketsa ndi chokhululukika, osati chiyambi cha imfa kapena ndende nthawi zonse. Chikhulupiriro chimenechi kanema wachipereka msanga kwa ana a olemera.

Zizindikiro za kusintha zilipo. Skeem Saam, imene idayamba pa SABC1 mu 2011, idatsata anyamata atatu a ku Turfloop m'Chipedi ndipo idakhala limodzi mwa masewero oonedwa kwambiri m'dzikolo. Youngins, imene idayamba pa Showmax mu 2024, idaika nthabwala ndi chikondi pasukulu yogonera ya ana wamba, m'kayankhulidwe ka m'makomboni a ku Gauteng. Masewero awiriwa adaonetsa kuti chiyankhulo cha mu Africa chingathe kunyamula unyamata wonse, wolira ndi woseka womwe.

Mawu omaliza

Mbiri imeneyi ikutikhudza ife a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique m'njira ziwiri. Yoyamba ndi yakuti ana a abale athu amene adapita kukagwira ntchito ku Cape Town akukula ndi masewero amenewa, ndipo mwana woyankhula Chichewa m'nyumba, Chixhosa pabwalo ndi Chingerezi m'kalasi amaphunziramo kuti ndi chiyankhulo chiti chimene chimabweretsa ulemu pakati pa anzake. Yachiwiri ndi yakuti nafenso tatsata njira yofanana. Kanema wa boma ku Malawi adayamba m'chaka cha 1999, chaka cha Yizo Yizo, ndipo masewero athu ambiri a achinyamata, kuphatikizapo Zathu pa Wailesi ya mu 2017 yonena za ubwenzi wa atsikana ndi anyamata, adabwera ndi thandizo la mabungwe amene adali ndi uthenga wofuna kupereka. Ntchito imeneyi idathandiza anthu ambiri ndipo siyenera kunyozedwa. Koma chiyankhulo chimene achinyamata amachimva pa kanema pokhapokha akamalangizidwa chimayamba kumveka ngati cha mphunzitsi wamkulu, ndipo pokamba za chikondi iwo amasankha china. Akuluakulu adati mmera mpoyamba. Olemba masewero ndi aphunzitsi a ziyankhulo tili ndi udindo womvetsera mmene ana a ku Samora Machel, Ndirande kapena Matero amasekera ndi kufunsirana, ndi kulemba nkhani zawo m'mawu awo omwewo.